Masabata atatu ndi kakompyuta kokwana m'dzanja

Ndatha masabata atatu ndikuphunzira kuyendetsa nyali ndi masensa a m'nyumba (tizipangizo tozindikira zinthu monga munthu akadutsa kapena chitseko chikatseguka) ndi Raspberry Pi 4, kakompyuta kokwana m'dzanja. Pulogalamu ndinasankha Home Assistant, imene Paulus Schoutsen anaiyamba mu 2013. Chinandikopa n'chakuti zonse zimachitikira m'nyumba momwemo, moti intaneti ikaduka nyali zimayakabe pa nthawi yake.

Kuika pulogalamuyo sikunavute. Ndinaikopera pa kadi yosungira zinthu ya microSD kudzera mu pulogalamu yokopera yotchedwa Raspberry Pi Imager, ndinalumikiza waya ku rauta, n'kudikira. Nditalemba homeassistant.local:8123 pafoni, tsamba la Home Assistant linatseguka.

Tsiku lachitatu kakompyutako kanayamba kumangozima n'kudziyatsanso kokha. Madzulo awiri athunthu ndinkafufuza m'ma log, momwe pulogalamu imalembamo zonse zimene zachitika, poganiza kuti pali pomwe ndinalemba molakwika. Chonsecho yankho linali pamaso panga. Kanyali kofiira ka pabolodi, kamene kamayenera kuyaka osazima, kankaphethira. Ndinali nditalumikiza tchaja yakale ya foni, pomwe Pi 4 imafuna mavoti 5 ndi ma ampu 3. Nditasintha tchaja, vuto linathera pomwepo. Zinandikhudza ndithu, chifukwa maso anga anali pa sikirini osayang'anako chipangizo chenichenicho.

Za Zigbee, njira imene masensa amalumikizirana ndi kakompyutako popanda waya, nazo chimodzimodzi. Sensa ya pachitseko inkangosowa panetiweki. Zigbee imagwiritsa ntchito 2.4 GHz, ndipo mapoti a USB 3.0, abuluu aja, amatulutsa mafunde osokoneza pamenepo. Ndinatalikitsa kachipangizo kolandirira Zigbee, kamene kanali pa USB ya kakompyutako, ndi waya wa mita imodzi, sensa n'kusiya kusowa. Waya basi.

Chimene ndasangalala nacho kwambiri ndi kulemba malamulo. Lamulo lililonse lili ndi zigawo zitatu: choyambitsa, zoyenera kukwaniritsidwa kaye, ndi chochita. Langa loyamba linkati munthu akadutsa pakhonde nyali iyake. Inkayakadi, ngakhale masana dzuwa lili phwee, chifukwa chigawo chapakaticho ndinachidumpha. Ndinawonjezera kuti izichita zimenezo dzuwa likalowa, nthawi imene pulogalamuyo imawerengera yokha malinga ndi malo omwe unaiuza. Apa ndinazindikira kuti zambiri zimene timachita m'nyumba sitiziganizira n'komwe. Dzanja limadziwa lokha kuti masana siliyenera kukhudza switchi, koma makina uyenera kuwauza chilichonse. Mukamalemba malamulowa mu YAML, kalembedwe ka mafayilo a Home Assistant, samalaninso mipata ya kumayambiriro kwa mzere, chifukwa umodzi ukalakwika fayilo yonse imakanidwa.

Chondidetsa nkhawa panopa ndi kadi ija. Home Assistant imasunga mbiri ya masensa usana ndi usiku, ndipo kulembalemba kotere kumathetsa microSD msanga. Ndayamba kusunga backup, kope la zonse, pakompyuta ina, ndipo Loweruka likubwerali ndisamutsira zonse pa SSD, chosungira zinthu cholimba kuposa kadi. Switchi za pakhoma ndazisiya zikugwirabe ntchito, kuti tsiku limene kakompyutaka kadzazime, aliyense m'nyumba adzathe kuyatsa nyali ndi dzanja.