Cerball wa ku Osraige ndi mlongo wake Land, mayi amene anamanga maufumu a ku Ireland

Masiku ano ndalowerera kwambiri mu mbiri ya mafumu akale a ku Ireland ndipo pali mfumu imodzi yomwe siikundichoka m'mutu, Cerball mac Dúnlainge, amene analamulira kadziko kotchedwa Osraige kuyambira 842 mpaka imfa yake mu 888. Zaka 46 pampando, nthawi yomwe mafumu ambiri kumeneko sankafa ndi ukalamba ayi, ankafera ku nkhondo kapena kuphedwa ndi abale awo omwe.

Ireland ya nthawi imeneyo sinali ya mfumu imodzi. Kunali mafumu ambirimbiri, ena a kadera kakang'ono, ena a chigawo chonse ngati Munster kapena Leinster, ndiye pamwamba panali mfumu ya ku Tara ya fuko la Uí Néill yomwe inkafuna kuti onse aziigwadira ndi kuipatsa anthu a chikole. Osraige kanali kadziko kopanikizika pakati pa Munster ndi Leinster, pomwe lero pali County Kilkenny ndi mbali ina ya Laois, ndipo kankawerengedwa pansi pa mafumu a Munster okhala ku Cashel. Cerball anali wa banja la Dál Birn, analowa m'malo mwa atate ake a Dúngal (ena amati Dúnlang), ndipo analowa pa nthawi yoipa zedi chifukwa ma Viking, ankhondo apanyanja ochokera ku Scandinavia, anali atangomanga msasa wao ku Dublin mu 841, ndipo mitsinje ya Nore ndi Barrow yomwe imadutsa ndi kuzinga dziko lake inali ngati msewu wa ngalawa zao.

Munthuyu anali wankhondo, apa palibe kutsutsa. Mu 847 anagonjetsa gulu la ma Viking ndipo mabuku a amonke amati anafa anthu 1,200. Koma sikuti ankangowamenya basi, pofika 858 ndi 859 anali atagwirizana ndi atsogoleri ao a ku Dublin, Ímar ndi Amlaíb, mpaka kupita nao limodzi kukaononga dziko la Mide, kwao kwa Máel Sechnaill, mfumu yaikulu ya ku Tara. Ndiye chaka chomwecho cha 859 kunachitika msonkhano waukulu wa mafumu ndi akuluakulu a mpingo ku Ráth Áeda, kunali Fethgna wa ku Armagh ndi Suairlech wa ku Clonard, ndipo pamenepo Osraige anachotsedwa m'manja mwa Munster nkuikidwa pansi pa Máel Sechnaill, mfumu ya Munster Máel Gualae nkuvomereza. Pa tsiku limenelo anagwirizana kuti kadziko kakang'ono kaja kasiye kuyang'ana ku Cashel.

Manje apa ndi pomwe mtima wanga uli. Máel Sechnaill uja, yemwe Cerball ankalimbana naye lero mawa nkugwirizana naye, anali mlamu wake. Anakwatira Land, mlongo wake wa Cerball. Ndipo mayi ameneyu mukamutsata bwino mudzaona kuti ndi iye amene analumikiza zonse, chifukwa anakwatiwanso ndi Gáethíne mfumu ya Loígis, oyandikana nao kumpoto, nkubereka Cennétig yemwe anadzakhala mfumu kumeneko, kenako Máel Sechnaill atamwalira mu 862 anakwatiwa ndi Áed Findliath amene analowa ufumu waukulu wa ku Tara, ndipo Áed atamwalira mu 879 amene analowa ndi Flann Sinna, mwana wobereka Land yemweyo kwa Máel Sechnaill, amene anakhala pampando mpaka 916. Tangoganizani, mkazi mmodzi, mkazi wa mafumu akulu awiri, mayi wa mfumu yaikulu yachitatu, ndiponso mayi wa mfumu ya dziko loyandikana nalo. Mabuku akale amamuonetsanso akumangitsa tchalitchi cha Brigid woyera ku Kildare, ali ndi amisiri a matabwa ambiri m'nkhalango, ndipo akulimbikitsa mwamuna wake Áed kuti asagonje kwa ma Viking.

Ine monga Mchewa wa kuno kum'mawa kwa Zambia nkhaniyi ndimaiwerenga mosiyana ndi momwe azungu amailembera. Iwo amandandalika amuna okhaokha, uyu mwana wa uyu mwana wa uyu, chifukwa kumeneko ufumu unkayenda kuchimuna monga amachitira anzathu Angoni kwa a Mpezeni, kungoti ku Ireland mwamuna aliyense amene atate ake, agogo ake kapena atate a agogo ake anakhalapo mfumu anali ndi ufulu woulimbirana, nchifukwa chake abale ankathana okhaokha. Koma ife amene timadziwa kuti ku Mkaika ufumu wa Kalonga Gawa Undi umachokera kwa Nyangu, ife timaona msanga kuti Cerball anali tsibweni wa mfumu yaikulu ya Ireland yonse ndiponso tsibweni wa mfumu ya Loígis, ndipo munthu amene mbumba yake yafika pamenepo sungamugwedeze wamba. Kukanakhala kwathu Flann Sinna kapena Cennétig ndi amene akanalowa mpando wa Osraige ndipo Land akanakhala pakati pa nkhani yonse, osati m'mphepete momwe amamuika. Ine ndikukhulupirira ndithu kuti zaka 46 zija sizinabwere ndi lupanga lokha, ubale wa mlongo wake unamutchinjiriza kwambiri, ndipo zimandiwawa kuona dzina la mayiyu likungotchulidwa modutsa.

Chinanso ndi chakuti zambiri zokoma za Cerball zimachokera m'buku lotchedwa Fragmentary Annals of Ireland, lomwe akatswiri amati linasonkhanitsidwa nthawi ya mdzukulu wa m'banja lake, Donnchad mac Gilla Pátraic amene anamwalira mu 1039, ndiye olembawo ankakweza kholo la mfumu yao. Muli nkhani yoti tsiku lina adani anabwera usiku Cerball ataledzera, anatuluka kandulo yaikulu ili patsogolo pake, anasanza kwambiri mphamvu nkubwerera, kenako nkuwagonjetsa. Ndi nkhani ya anthu okonda kholo lao mpaka kufooka kwake amakusandutsa chamuna.

Ndipo dzina lake linaoloka nyanja. Ku Iceland buku lakale la Landnámabók limamutcha Kjarvalr Írakonungr, kutanthauza Kjarvalr mfumu ya anthu a ku Ireland, ndipo mabanja ambiri otchuka kumeneko amati anachokera kwa iye, kudzeranso mwa ana ake aakazi, monga Rafarta amene amati anali mayi wa Helgi magri, mmodzi mwa oyamba kukhazikika kumpoto kwa chilumbacho. Akazi omwewo kachiwiri.

Cerball atamwalira mu 888 mpando unapita kwa m'bale wake Riacán, kenako kwa ana ake Diarmait ndi Cellach amene analandana okhaokha, ndipo Cellach anafera ku nkhondo ya Belach Mugna mu 908 ali mbali ya Munster, pomwe mbali inayo wotsogolera anali msuweni wake Flann Sinna, mwana wa Land. Mbadwa za Cerball ndi zomwe zinadzatenga dzina la Mac Giolla Phádraig, lomwe lero ambiri amalemba Fitzpatrick.