MP ya ku Joni

Kwathu nambala ya galimoto imaulula zonse. ZA ndi Zomba, KU ndi Kasungu, MG ndi boma, ndipo ukaona MP umayenda mwaulemu chifukwa amenewo ndi apolisi. Nzeru zimenezi ndinapita nazo ku Joni, komwe masiku 30 amene anandidindira pa Beitbridge anali atatha kalekale.

M'mawa wina msuweni wanga anandiimika m'mbali mwa msewu ku Germiston, akuti bwana wina abwera kudzanditenga kuti ndikapente nyumba. Iye analowa m'sitolo kukagula buledi. Posakhalitsa galimoto yoyera inaima patsogolo panga. Maso pa nambala: kumapeto kwake MP! Chimzungu chamkatimo chinatsitsa galasi n'kufunsa, "Malawi?"

Ndiye kuti ndi kwathu komwe akukudziwa! Linali liwiro la mtondo wadooka. Ndinalumpha ngalande, ndinamwaza chimanga chootcha cha mayi wina, nsapato imodzi n'kutsala m'matope. Mzungu kuliza hutala, ine kuwonjezera moto, mpaka ndinakanjuta kuseri kwa galimoto ina imene inaima pafupi ndi malo okwerera mataxi.

Msuweni anandipeza pomwepo, misozi ili chuchuchu ndi phwete.

"Achimwene, apolisi akwathu angakulondoleni mpaka kuno pa mafuta ake ati? MP ndi Mpumalanga! Bwana uja amachokera ku Nelspruit."

Ndiye anayamba kundiphunzitsa, munthu woti sukulu anathawira sitandade 6. Akuti kale dera lonseli linali Transvaal, ndipo tauni iliyonse inali ndi zilembo zake kutsogolo: TJ ya Johannesburg, TP ya Pretoria. Mu 1994, ulamuliro wa tsankho utatha, zigawo 4 zinagawidwa n'kukhala 9, kenako zambiri zinatenga zilembo zakumapeto: GP ya Gauteng, L ya Limpopo, NW ya North West. A ku Western Cape, amakani aja, anakakamira zakale, n'chifukwa chake Cape Town ikadali CA.

"Nanga apolisi a kuno?" ndinafunsa ndili wefuwefu.

"Nambala yawo imathera ndi B."

Tonse tinacheukira galimoto imene ndinatsamira. Msuweni anasiya kuseka. Tinanyamuka pang'onopang'ono ngati oyimba kwaya pamaliro, ine ndikutsimphina ndi nsapato imodzi, wapolisi ali mtulo pachiwongolero.

Ganyu uja anamutenga mnyamata wa ku Zimbabwe, ndipo chimanga cha mayi aja ndinalipira R40.