Lachitatu: dzuwa la Okutobala ndi maselo a impso

Lero ku Mangochi dzuwa laswa mtengo kuyambira m'mawa, ngakhale mphepo yochokera ku Shire imabwera yotentha. Ku wodi ya amuna tinapeza msodzi amene anabwera naye usiku atatsegula m'mimba kwa masiku angapo ali panyanja. Mkodzo ukungotuluka pang'ono, wakuda. Nditaupititsa ku labu, bambo a kumeneko anandikodola: "Achimwene, tabwerani muone izi." Pa maikulosikopu panali tizidutswa tofiirira totalika. Anati amenewo ndi maselo a m'timachubu ta impso amene afa n'kuyoyoka.

Ndinawaphunzira m'kalasi maselo amenewa, koma kuwaona atayoyoka mumkodzo wa munthu wamoyo kunandikhudza kwambiri.

Impso iliyonse ili ndi timasefa pafupifupi 1 miliyoni, kalikonse ndi kachubu kake. Patsiku impso ziwiri zimasefa madzi okwana malita 180 kuchokera m'magazi, koma timakodza lita imodzi ndi theka basi. Otsalawo amabwezedwa m'magazi, ndipo magawo awiri mwa atatu amayamwidwa koyambirira kwenikweni kwa kachubuko. Selo la pamenepo lili ndi mbali ziwiri zosiyana kotheratu. Mbali yoyang'ana m'kati mwa kachubu ili ndi timaubweya tothithikana totchedwa microvilli. Taganizirani mmene thaulo limamwera madzi msanga kuposa chitenje chifukwa cha timaulusi take, ndi momwemonso. Pa timaubweyati ndi pamene pali timakomo tolowera mchere, shuga ndi madzi. Mbali yoyang'ana kumagazi ndi yopindikapindika mozama, ndipo m'mapindimo mwadzaza mitochondria zopatsa mphamvu timapampu totulutsa mchere wa sodium usana ndi usiku.

Ntchito yotereyi imadya oxygen wambiri. N'chifukwa chake madzi akatha m'thupi, monga munthu akatsegula m'mimba, magazi opita ku impso amachepa ndipo maselo amenewa ndi ena mwa oyamba kuvutika. Timaubweya timathothoka, kenako selo lonse limachoka pamalo pake n'kutseka kachubu. Chondilimbitsa mtima n'chakuti amatha kumeranso ngati madzi abwezedwa nthawi isanathe. Adokotala analamula dilipi ndi kuyeza mkodzo ola lililonse, ndipo anakana kuti msodzi uja apatsidwe gentamicin, mankhwala opha mabakiteriya, poti mankhwalawa amalowa m'maselo omwewa kudzera pa timaubweya n'kuwaononga. Impso zikakana, ndiye kuti ulendo wa ku Queens ku Blantyre kukaikidwa pa makina osefa magazi, ndipo kwa banja lodalira usipa umenewo si ulendo wapafupi.

Masana ndinawerenganso za timakomo ta madzi totchedwa aquaporin, timene Peter Agre analandirira mphoto ya Nobel mu 2003. Kumapeto kwa kachubu, maselo amasunga timakomoti m'kati. Munthu akamva ludzu, ubongo umatumiza homoni ya ADH, ndipo maselo amatitulutsa n'kutiika pakhungu lawo kuti madzi abwerere m'magazi. Mkodzo wachikasu kwambiri umene tonse tikukodza mwezi uno ndi ntchito ya timakomo timeneti.

Madzulo azakhali anga, amene ndimakhala nawo, anadandaula kuti nyerere zayambanso kuunjikana pamene amakodza usiku. Ali ndi matenda a shuga.

"Azakhali, mankhwala aja mukumwa?"

"Anatha, mwanangu, ndipo kutenthaku sindingayende."

Ndinawafotokozera kuti timakomo toyamwa shuga pa timaubweya tija tili ndi malire. Shuga wa m'magazi akapitirira pafupifupi 10 mmol/L, timalephera kumubweza yense, wotsalayo amapita mumkodzo ndipo amakoka madzi. Ndiye chifukwa chake akudzuka kawirikawiri usiku komanso kukhosi kukuwauma. Tagwirizana kuti mawa m'mamawa, dzuwa lisanakwere, ndiwapezere kabaza tipitire limodzi akayezetse shuga ndi impso zomwe.