Lipoti la ulendo wathu wa ku TV-pucken

Basi inanyamuka kudakali mdima, malo a katundu atadzaza kale ndi zikwama za anyamata ife makolo tisanaikemo kalikonse. A tcheya anaima pakhomo n'kumawerenga: ndodo za hoki ziwiri kapena zitatu kwa mnyamata aliyense, tepi, zingwe za nsapato zapadera, timabawuti ta zisoti, zotchinga pakhosi, ndi makina onolera zitsulo za nsapato amene anakhala pampando wawokha atamangidwa lamba. Nonse mukudziwa amene anaumirira zimenezo.

Amene munatsala, kumbukirani kuti TV-pucken ndi mpikisano wa hoki ya pa ayezi, osati wa makalabu koma wa zigawo za Sweden. Anyamata a zaka 15 amene chaka chonse amalimbana m'makalabu osiyana amasankhidwa kuti avale malaya amodzi. Mpikisanowu unayamba mu 1959 ndi maganizo a katswiri wa hoki Sven Tumba, ndipo umaonetsedwa pa SVT, wailesi ya kanema ya dziko la Sweden. Akatswiri a hoki Peter Forsberg ndi Markus Näslund anaupambana ndi chigawo cha Ångermanland mu 1988. Nchifukwa chake mwana akasankhidwa, banja lonse siligona tulo.

Vuto lalikulu la ulendowu linali pa zitsulo za kunsi kwa nsapato zotererera pa ayezi, ndipo tilifotokoze bwino kuti lisadzabwererenso. Chitsulo choterera nacho si chafulati kunsi. Chimanoledwa kuti pakati pakhale kangalande, m'mbali mukhale mipeni iwiri yogwira ayezi. Kupindika kwa kangalandeko kumayezedwa m'mamilimita, ndipo nambala ikachepa, kangalande kamazama. Kwathu ayezi ndi wouma gwa, choncho ambiri anabwera atanoletsa pa 13. Koma bwalo limene tinakasewerako linali lofundirako, ayezi wake wofewa. Mipeni inkalowa kwambiri, liwiro n'kumathera pansi. Mu hoki wosewera amalowa kwa masekondi pafupifupi 45 n'kutuluka, koma athu ankabwerera pabenchi ali wefuwefu nthawiyo isanakwane. Bwalo la mamita 60 m'litali ndi 30 m'lifupi silikhululukira miyendo yolemera. Masewero oyambawo tinagonja.

Madzulo kunabuka mkangano. Aphunzitsi ankati anyamata anachita mantha ndi makamera. A mmisiri athu onola zitsulo ankati ayi, yang'anani chipale chimene chikutsala pokhota. Anakangana mpaka tiyi anazizira, kenaka a mmisiri anatenga nsapato za mnyamata mmodzi wakumbuyo, kunola pa 18, n'kumuuza kuti akayese pa nthawi yokonzekera. Atabwerako nkhani inatha yokha. Usiku umenewo nsapato za onse ofuna zinadutsa pamakina, kupatula za magoloboyi amene ali ndi kanoledwe kawo ndipo sakhudzidwa popanda mwini wake kuvomera.

Pogwira ntchitoyo panapezeka cholakwika china. Mapeyala angapo anali ndi mpeni umodzi wotalika kuposa unzake, zimene zimachitika chitsulo chikapanda kukhala pakati penipeni pa mwala wonolera. Wosewera wotere amakhota bwino mbali imodzi, mbali ina amaterereka n'kugwa. Kuyesa kwake n'kosavuta: tembenuzani nsapato, ikani ndalama yachitsulo pamwamba pa mipeniyo, ikapendekeka bwezani pamakina. Ndipo tikupemphanso makolo: mwana asaponde simenti popanda zovindikira zitsulo, ndipo akamaliza apukute, chifukwa chitsulo chonyowa chimachita dzimbiri usiku umodzi wokha.

Pa zakudya, amayi a kukhitchini anagwira nthawi molimba. Pasita ndi nyama yogaya maola atatu masewero asanayambe, nthochi ndi buledi pakati pa masewero, madzi nthawi zonse. Masoseji ndi khofi zinali za ife owonerera, ndipo a msungichuma sanasowe pamzere umenewo ngakhale kamodzi. Mnyamata wina atapezeka ndi maswiti m'thumba la magolovesi, amayi anangotambasula dzanja osalankhula.

Panalinso msonkhano wa makolo wokamba za kuvulala m'mutu. Mfundo yake ndi yakuti mwana akagundidwa n'kumamva chizungulire, mutu kapena nseru, atuluke ndipo asabwerere tsiku limenelo. Anakumbutsanso kuti pa msinkhu uwu chisoti chotchinga nkhope yonse ndi chotchinga pakhosi n'zokakamiza.

Masewero otsatirawo anali ena ndithu. Anyamata ankafika pa puck, kampira kafulati ka hoki, asanafike anzawo, ndipo chigoli choyamba chinachokera kwa mnyamata amene sanasewere kwambiri dzulo lake. Tinene poyera kuti nkhani ya nthawi yosewera inatiwawa ena mwa ife. M'mipando mumakhala anthu ochokera kusukulu za sekondale zophunzitsa hoki, ndipo kholo lililonse limafuna kuti mwana wake aoneke. Koma aphunzitsi anasinthasintha mizere mwachilungamo, ndipo tikuwayamikira. Kumafainolo sitinafike, koma anyamata anatuluka m'bwalo mitu ili m'mwamba.

Zikomo a dalaivala poleza mtima ndi fungo la zikwama pobwerera. Zikomo amayi amene munayanika zovala usiku uliwonse, ndi abambo amene munasunga ma puck mufiriji kuti asamadumphe pokonzekera. A mmisiri, mwala wonolera watha, ndipo a msungichuma avomera kugula wina. Amene muli ndi malisiti a mafuta ndi chakudya, kawapatseni msonkhano wotsatira usanafike.