Tekken 3 pa PlayStation yoyamba: musanagule, yang'anani izi

Anthu ambiri akamatsegula kachipinda ka magemu pa Kamwendo kapena pa boma ku Mchinji kuno amathamangira gemu ya mpira. Palibe cholakwika, koma mpira umadya nthawi, ndipo anyamata awiri amatha kukhalitsa pa benchi anzawo ali chiimire. Tekken 3, gemu ya ndewu, ndi ina. Raundi imodzi ndi masekondi 40, wopambana maraundi awiri watenga, wogonja apereke padi kwa wina. Mzere umayenda. Gemuyi inapangidwa ndi kampani ya Namco ya ku Japan, inayamba kutuluka mu 1997 pa makina oponyamo ndalama zachitsulo, kenako mu 1998 inabwera pa chimbale cha PlayStation. Mpaka lero ikusangalatsabe, bola makinawo muwasamale, pakuti pafupifupi onse ali pamsika panopa adutsa zaka 20.

Tiyambe ndi magetsi, chifukwa apa makina amafa tsiku lomwelo mwawagula. Atembenuzeni muwerenge kapepala kapansi. Pali nambala yoyamba ndi SCPH, ndipo chofunika ndi nambala yothera. Ikathera ndi 2, monga SCPH-5502, 7502 kapena 9002, ndi a ku Ulaya ndipo amalandira magetsi athu a 230V. Ikathera ndi 1 ndi a ku America, a 120V. Ikathera ndi 0 ndi a ku Japan, a 100V. Awiri omalizawa mukawalumikiza ku ESCOM popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu mumva kaphokoso ndi fungo la kupsa, basi zatha. Wogulitsa akakuuzani kuti "pulagi ndasintha kale", dziwani kuti wasintha mano okha, mkati ndi momwemo. PSone, kaja kakang'ono koyera ka SCPH-102, kali ndi adaputala yake yapadera ya 7.5V. Musaikepo ya dikoda ya 12V ngakhale kamutu kake katalowa bwino.

Pa sola makinawa savuta, mphamvu yomwe amadya siifika mawati 20. Chomaliza batire ndi TV yachitumbo ija.

Nambala yomweyo imakuuzaninso chimbale choti mugule. Makina a ku Ulaya amawerenga zimbale zolembedwa PAL, a ku America zolembedwa NTSC U/C, a ku Japan zolembedwa NTSC J. Mukasakaniza gemu siilowa. Ngati makinawo anaikidwa chipu, kachipangizo kowachititsa kuwerenga zimbale za kulikonse, gemu ilowa, koma ya NTSC pa TV yakale yodziwa PAL yokha imaoneka yopanda mitundu, nthawi zina chithunzi n'kumayenda chokwera. Palinso china chomwe osewera akale amachidziwa: Tekken 3 ya PAL imayenda zithunzi 50 pa sekondi pomwe ya NTSC ndi 60, choncho ya PAL ndi yodekha pang'ono. Munthu wozolowera imodzi akagwira inayo amaphonya nthawi yodinira mabatani, n'kuyamba kunamizira padi.

Tsopano pa leza ndi kadiso kake kowerenga chimbale, pomwe pagona mavuto ambiri.

Mukayatsa, kumabwera chithunzi choyera cha Sony, kenako chakuda chokhala ndi chizindikiro cha PS. Chakudacho chikaoneka ndiye kuti chimbale chazindikiridwa. Mukaponyedwa pa tsamba lolembedwa Memory Card ndi CD Player, makina sanachione. Koma musakhutire ndi kungolowa kwa gemu. Siyani kanema woyambirira uja asewere mpaka kumapeto osadina Start. Kanemayo ndi nyimbo za m'kati mwa ndewu zimawerengedwa kuchokera pa chimbale nthawi yomweyo, ndiye leza yofooka imadziulula pamenepa: mawu amadukaduka, chithunzi chimaima n'kudumpha. Yesaninso makina atayaka kwa theka la ola, chifukwa ena amawerenga bwino akazizira, n'kuyamba matenda akatentha. A SCPH-1002, oyambirira aja okhala ndi mabowo ofiira, oyera ndi achikasu kumbuyo, ndiwo amatchuka ndi vutoli. Leza yake inaikidwa pafupi ndi mbali ya magetsi yomwe imatentha, ndipo kanjanji ka pulasitiki komwe imayendapo kamaperepeseka mpaka kadiso kupendekeka. N'chifukwa chake mumaona ena akuseweretsa makina chadodolido kapena chogoneka cham'mbali. Zimathandizadi kwa kanthawi, koma pa bizinesi musagule oterowo.

Fumbi la kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa silifuna kufotokozera, makamaka ngati chipinda chili m'mphepete mwa msewu wafumbi. Limakhala pa kadiso ngati kautsi. Chotsani pulagi, tengani kathonje ka m'makutu, nyowetsani pang'ono ndi sipiriti woyera wa isopropyl, pukutani mopepuka mozungulira, kenako ndi mbali youma. Osakanikiza, kadisoko kalenjekeka pa timawaya topyapyala. Sipiriti wa papo amasiya utoto, ndipo petulo kapena thina amasungunula kadiso chifukwa ndi ka pulasitiki. Ngati kupukuta sikunathandize, masulani zomangira zapansi, zisanu kapena zisanu ndi chimodzi malinga ndi mtundu wa makina, nyamulani chivindikiro. Leza yonse imangokhala pa timiyendo titatu ta labala, yolumikizidwa ndi kalamba kopyapyala ndi kapulagi ka mawaya. Yang'anani timagiya ndi kanjanji: girisi wakale amauma n'kusakanikirana ndi fumbi. Pukutani, ikani kadontho ka girisi woyera wa lithium kapena silicone. Mafuta ophikira ayi, amadzamata. Mphemvu ndi nyerere zimakonda kufunda kwa m'menemo, choncho sesani ndi kaburashi, koma mbali ya magetsi musaigwire ndi zala ngakhale pulagi mwachotsa.

Pa leza pali kasikuluu kakang'ono kowonjezera mphamvu. Amisiri ena amakapotoza makina n'kuyambiranso kuwerenga, mwini wake n'kulipira akusangalala. Kunena zoona kumeneko n'kukwapula ng'ombe yotopa: iyenda lero, mawa igona. Leza yofooka ikapatsidwa mphamvu yambiri imapsa msanga. Ndi bwino kusaka ina kuchokera m'makina ofa magetsi. Nambala yake imayamba ndi KSM-440, ndipo zilembo zothera zifanane ndi za yanuyo, apo ayi kalamba kamaperewera kapena chivindikiro sichitsekeka.

Chimbale chikamapanda kuzungulira n'komwe, onani ziwiri. Pali kabatani kakang'ono kumbuyo komwe chivindikiro chimadina chikatsekedwa, kakadzadza fumbi makina amayesa kuti akadali otsekula. Palinso kamutu kapakati kogwira chimbale ndi timipira titatu, komwe kamasweka ana akamazula chimbale mokoka mbali imodzi. Dinani pakati ndi chala chachikulu, kwezani m'mphepete.

Chimbale chenicheni cha PlayStation ndi chakuda kunsi. Popukuta yambirani pakati kupita kunja, osati mozungulira, chifukwa mkwaso wotsata mzere wa zolembedwamo ndiwo umalepheretsa kuwerenga. Ambiri amasamala kunsi n'kuiwala kumwamba, chonsecho zolembedwazo zili pansi penipeni pa utoto wa kumwambako. Kukakalika kumeneko palibenso chochita. Chiyang'anitseni ku dzuwa musanagule, mukaona timabowo towala chisiyeni. Zimbale zokopera zimabweza kuwala kochepa, ndiye leza yotopa imayamba kukana zimenezo isanakane zenizeni.

TV yachitumbo ndiyo yabwino pa gemuyi. Yafulati imatenga kanthawi kukonza chithunzi chochokera pa chingwe chachikasu, ndipo pa ndewu kanthawi kameneko n'kokwanira kumenyedwa musanatchinge. Ngati yafulati ndiyo ilipo, sakani Game Mode muyatse. Mapadi amatha pa timalabala ta pansi pa mabatani, makamaka X ndi O, pa chifukwa chomwe tifikepo. Tsegulani, pukutani timadontho takuda ndi sipiriti yemwe uja, kong'ambika sinthani. Padi ikamagwira n'kusiya mukagwedeza chingwe, waya wathyokera mkati pafupi ndi polowera, kawirikawiri chifukwa chokulungiza chingwe mothinitsa.

Musatsegule chipinda opanda memory card, khadi yosungira pomwe mwafika m'gemu. Gemu imayamba ndi omenya khumi okha: Jin Kazama, Paul Phoenix, Forest Law, King, Yoshimitsu, Nina Williams, Lei Wulong, Hwoarang, Ling Xiaoyu ndi Eddy Gordo. Ena monga Kuma, Julia Chang, Bryan Fury, Heihachi ndi Ogre amatsekuka mukamamaliza Arcade Mode ndi womenya wosiyana ulendo uliwonse. Popanda khadi, magetsi akangothima mwabwerera pa khumi paja. Khalani pansi madzulo amodzi, ikani gemu pa Easy ndi raundi imodzi, atsekuleni onse, sungani, kenako bwezerani maraundi awiri. Ngati mukuseweretsa pa PlayStation 2, yomwe imawerenganso zimbale za PlayStation yoyamba, khadi ikhale ya yoyambayo. Ya PlayStation 2 ya 8MB ija siisunga gemuyi mwachindunji.

Za kasewero, batani lililonse ndi chiwalo. La bokosi ndi dzanja lamanzere, la ngodya zitatu dzanja lamanja, X mwendo wamanzere, O mwendo wamanja. Kutchinga n'kukankhira kumbuyo, ndipo zomenya m'miyendo zimatchingidwa ndi pansi-kumbuyo. Kugwira mdani n'kudina bokosi ndi X pamodzi, kapena ngodya zitatu ndi O. Wogwidwa atha kupulumuka akadina msanga batani la dzanja: bokosi pa kugwira koyambako, ngodya zitatu pa kwachiwiriko. Wonjuta sagwidwa ndi kugwira wambaku. Kugunda kamodzi m'mwamba kapena pansi kumakusunthirani m'mbali, chinthu chomwe Tekken 3 inapereka kwa omenya onse.

Mkangano wa m'chipinda chilichonse ndi Eddy. Mwana woti sanagwirepo padi amangosinja X ndi O, Eddy n'kumazungulira ndi capoeira yake ya ku Brazil, wamkulu wodzitama n'kugwa. Pamenepo mumva "Eddy aletsedwe". Ife sitiona chifukwa. Wosinja mabatani amapambana chifukwa mnzakeyo akubwezera pakati pa mateche m'malo modikira. Bwererani kumbuyo pang'ono, musiyeni amenye mphepo, akamaliza mulowe. Ndi Paul, pansi, pansi-kutsogolo, kutsogolo ndi ngodya zitatu zimatulutsa chibakera chake chija chodula moyo wambiri kamodzi. Ndi Law kapena Paul yemweyo, pansi-kutsogolo ndi ngodya zitatu zimamuponya m'mwamba, ndipo ali m'malere satchinga, muwonjezere zibakera ziwiri kapena zitatu. Eddy akaima chadodolido kapena akakhala pansi, zibakera zam'mwamba zimamudutsa pamutu, ndiye mumenyeni chapakati kapena pansi. Mukagwetsedwa, dinani batani la dzanja pomwe mukugunda pansi kuti mugubuduke n'kudzuka msanga. Zonsezi zimayesedwa mu Practice Mode, momwe mulinso mndandanda wa kamenyedwe ka womenya aliyense. Woyenera kukambirana ngati aloledwe ndi Gon, kanyama kafupi kaja, chifukwa zomenya zambiri zimangomudutsa pamwamba.

Pa kalipiritsidwe, VS Mode ya maraundi awiri ndiyo yosavuta kuwerengera, wopambana atsale. Team Battle imalola aliyense kusankha omenya mpaka asanu ndi atatu, ndiye iikireni mtengo wake, apo ayi awiri okha akugwirirani makina nthawi yaitali pa ndalama ya ndewu imodzi. Mugwirizanenso za L1, L2, R1 ndi R2. Mu Options mabatani amenewa atha kuikidwa kuti limodzi lizidina awiri pakamodzi, ndipo wina akasintha mwakachetechete amagwira mnzake ndi chala chimodzi. Kaya mulola kaya mukana, mapadi onse awiri akhale ofanana, ndipo muziona tsambalo m'mawa uliwonse musanalandire ndalama yoyamba.