Lachitatu: laita, sikani ndi kamwala kofinyidwa

Lero tadzuka magetsi atathima kale, tiyi waphikidwa pa gasi. Kasitovu kathu kali ndi kopotoza kaja kamene kamalira kuti tcha! moto n'kuyaka, koma masiku ano kakumachita matama, ndiye mayi a kunyumba angotenga laita ya pagolosale. Mnyamata wathu wa sitandade 5 anali pompo, akuti adadi batire la laitayi lili pati? Ndamuuza kuti mulibe batire, iye akuti mukunama.

Ndatenga ina yotha gasi n'kuiphwasula. Mkati muli kachinthu kakuda kakafupi kokhala ndi kawaya, ndiye ine ndi ukatswiri wanga wonse wokonza mafoni ndadina ndili chigwirire kawayako. Amayo! Kandibaya chala ngati mavu, mwana kuseka mpaka kukhala pansi.

Zimene zimachitika mmenemo n'zoti ukadina, sipuling'i imakankha kahamala kakang'ono, kahamalako n'kumenya kamwala kowotcha kufakitale kotchedwa PZT, kosakaniza lead, zirconium ndi titanium. Kakamenyedwa, ma charge a mkati mwake amasuntha malo, positive mbali iyi negative mbali inayo, n'kutuluka ma volt masauzande angapo kwa kanthawi kochepetsetsa. Karenti yake ndi yochepa zedi nchifukwa chake ndikadali moyo ndikulemba izi. Khalidwe lotulutsa magetsi mwala ukafinyidwali dzina lake ndi piezoelectric, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kufinya. Anazitulukira ndi Jacques ndi Pierre Curie, munthu ndi mng'ono wake, ku Paris mu 1880 akufinya miyala ngati quartz. Pierre ndi yemwe uja anadzakwatira Marie Curie. Chaka chotsatira wasayansi wina, Gabriel Lippmann, anawerengera masamu n'kunena kuti ziyenera kugwiranso chobwerera, ukaupatsa magetsi mwalawo uzisintha kaumbidwe pang'ono, ndipo a Curie atayesa zinathekadi.

Chobwereracho ndachiona ndi maso cha m'ma 10 koloko. Lero linali tsiku la sikani, madamu ali ndi pathupi pa miyezi isanu. Takhala pabenchi mpaka msana kuuma, kenako atiitana. Wojambula wapaka kajelo kozizira pamimba, madamu kuchita tsinya, n'kuyamba kuyendetsa kachogwirira kaja. Ine maso anali pa kachogwirirako, ndivomere. Mmenemo muli timiyala ta mtundu womwewo tondandalikidwa, makina akatipatsa magetsi timanjenjemera kambirimbiri, mamiliyoni pa sekondi imodzi, n'kutulutsa phokoso loti khutu silingamve. Phokosolo likagunda fupa kapena mnofu limabwerera, monga umakuwira pafupi ndi phiri mawu n'kukuyankha, likafika limafinya timiyala tija, ito n'kutulutsa magetsi, kompyuta n'kujambula chithunzi. Jelo uja ntchito yake n'kuchotsa mpweya pakati pa khungu ndi chogwirira, poti mpweya umabweza phokoso lisanalowe. Nzeru yofufuza zinthu ndi phokoso lochokera ku timiyala totereyi wasayansi wa ku France Paul Langevin anaiyamba cha mu 1917 pofuna kusaka sitima zankhondo zoyenda pansi pa nyanja.

Ndili mkati moganiza zimenezi madamu andigunda ndi chigongono, akuti bambo a Junior mukuyang'ana kuti? Ndatembenuka, pa sikirini kamtima kakuphethira phe phe phe, kamkono kali pafupi ndi kumaso. Ndangoti kakasi. Za Langevin zonse zauluka.

Masana ndinali pabenchi langa kumsika. Kasitomala wabweretsa foni yosayaka, ndayeza ndi mita ndapeza shoti, wolakwa ndi kakapasita, kachinthu kosunga magetsi pang'ono, kabulauni kochepa ngati mchenga. Tambiri mwa timeneti timapangidwa ndi barium titanate, yomwe ili m'gulu la ferroelectric. Dzinali limapusitsa chifukwa ferro ndi chitsulo cha iron koma mulibe iron ayi, anangofanizira ndi maginito. Mkati mwake muli timadera, kalikonse kali ndi positive ndi negative yakeyake ngakhale palibe waifinya, ndipo ukaika magetsi amphamvu timaderato timatembenuka kuloza kumodzi ngati ana asukulu pa asembule, ukachotsa magetsi tambiri timatsala momwemo. Ndi mmene amakonzera kamwala ka mu laita kaja kufakitale, kupanda kutero timadera tikanamalimbana tokhatokha osatulutsa kanthu. Wasayansi Joseph Valasek ndiye anayamba kuona khalidwe la ferroelectric limeneli mu 1920 ku Minnesota. Barium titanate ikatentha kupitirira madigiri 120 kapena apo khalidweli limatha.

Quartz yokha ndi piezoelectric koma si ferroelectric. Ndi imene ili mu wotchi yanga yapamkono, kamwala kake kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Mnzanga wa benchi loyandikana, kwawo ku Mzimba kumene amakumba rose quartz, atamva izi akuti ndiye kwathu tikukhalira magetsi pansi eti? Ndamuuza kuti ya mu wotchi amachita kuikuza kufakitale, komanso olo atamenya mwala wonsewo ndi hamala sangatchaje nawo foni. Sanakhutire.

Pofika kunyumba ndapeza mlandu. Kachinthu kakuda kaja ndinakasiya patebulo m'mawa, Junior wapita nako kusukulu ndipo wabaya nako anzake anayi pakhosi. Aphunzitsi alemba kakalata kuti ndikaonekere mawa 7 koloko.