Sabata yachinayi: mitundu yayamba kugwira pa matabwa ojambulidwa ndi laser

Kwa masabata atatu ndakhala ndikuyesa kuika zithunzi za mitundu pa timatabwa tomwe ndayamba ndatilemba ndi makina a laser, ogoba thabwa ndi kuwala kotentha, ndipo sabata ino ndi pamene ndapeza zotsatira zoti ndingaonetse munthu osachita manyazi. Ndimagwiritsa ntchito inki ya sublimation, imene imasindikizidwa pa pepala n'kupanidwa pa thabwa ndi makina otentha. Inkiyi ikatenthedwa kufika madigiri a Celsius pafupifupi 190 imasanduka mpweya n'kulowerera mu polyester kapena pulasitiki wofanana naye, koma pa thabwa lopanda kanthu siipeza pogwira, choncho chithunzi chimatuluka chofwifwa. Ntchito yonse yagona pa chimene wapaka pamwamba pa thabwalo.

Ndinayesa njira ziwiri. Yoyamba inali kumata pulasitiki wopaniramo ziphaso uja, amene ndi polyester, ndipo mitundu inawala bwino kwambiri, koma pulasitikiyo anayala pamwamba pa zilembo ngati mlatho, mpweya n'kutsekeredwa m'munsi mwake, moti zimene laser inagoba zinasiya kuoneka ngati zogoba. Njira imeneyi ndaisiya, ngakhale kuti pa thabwa losalala ndingaibwerere.

Yachiwiri, imene ndakhazikikapo, ndi vanishi wosungunulira ndi madzi wa Polycrylic. Poyamba ndinkapaka mochindikala poganiza kuti vanishi akachuluka inki idzagwiranso kwambiri, koma iye anadikha m'timigula ta zilembo n'kuuma motuwa, ndipo nditapana ndi makina otentha, pepala linakakamira moti ndinachita kulinyowetsa ndi kulipekesa ndi chala. Tsopano ndimapaka mopyapyala katatu ndi kasiponji, ndimachotsa wodikha m'migula ndi kabulashi kouma, ndimakwecha pang'ono ndi sandipepala wosalala wa nambala 400 ndisanapakenso, kenako ndimasiya thabwa masiku awiri athunthu. M'nyengo ino ya mvula vanishi amanamiza, chifukwa amauma pamwamba pokha m'kati mukadali chinyezi, ndipo chinyezicho chikasanduka nthunzi chimatupitsa matuza. Kudikira kumeneku kwandithandiza kuposa kusinthasintha konse kwa kutentha kumene ndinataya nako sabata yachiwiri.

Mwaye umene laser imasiya m'mbali mwa zilembo uyenera kupukutidwa ndi sipiliti vanishi asanafike, apo ayi kasiponji kamaukokera pa thabwa lonse. Ndaonanso kuti m'migula momwe pepala silikhudza, inki siifika bwino, ndiye ndasiya kulimbana nazo: migulayo ikhale yoderapo ngati malire a chithunzi, mitundu ikhale pamwamba.

Mtundu wa thabwa nawo uli ndi mawu ake, pakuti inki imeneyi ndi yoonekera kuseri ndipo ilibe yoyera. Pa mlombwa mtundu wobiriwira unangomira, paini anatulutsa utomoni atangomva moto, pamene malaina, poti ndi woyererapo, anaonetsa mitundu yonse bwino ndithu ngakhale kuti ya buluu inapendekera ku chobiriwira. Panopa ndikupana pa madigiri 185 kwa masekondi 60, nditayamba ndatenthetsa thabwa lokha masekondi ochepa kuti chinyezi chituluke, chithunzi nditachisindikiza motembenuza ndi kuchimanga ndi tepi yosapsa.

Chimene chikundivutabe n'kulunjikitsa chithunzi ndi zilembo zogoba, chifukwa pepala likavundikira thabwa sindionanso m'munsi. Sabata yamawa ndidula ndi laser yomweyo kachikombole ka katoni kogwira ngodya ziwiri za thabwa ndi pepala pamodzi, ndiponso ndiyesa penti yoyera pansi pa vanishi pa zidutswa za mlombwa zimene zatsala.